Chipembedzo cha Asikhi: Guru Nanak, zimene anaphunzitsa ndi mmene zinakhazikikira

Pa zipembedzo zikuluzikulu za pa dziko lapansi, cha Asikhi ndi chimodzi mwa zimene zinabwera mochedwa, pakuti changopitirira pang'ono zaka 500. Otsatira ake alipo pakati pa 25 ndi 30 miliyoni. Kalembera wa ku India wa 2011 anapeza oposa 20 miliyoni m'dzikolo, ambiri mwa iwo m'chigawo cha Punjab, ndipo ena ochuluka ali ku Canada, Britain ndi America. Anthu akaona mwamuna wa ndevu zazitali atamanga nduwira kumutu amafulumira kumuyesa Msilamu, ena amati ndi Mhindu wa mtundu wina. Onsewo amaphonya. Asikhi ali ndi woyambitsa wawo, buku lawo, malemba awo ndi malamulo awo, ndipo zonsezo zinamera pa mfundo imodzi ya Guru Nanak (mawu oti Guru amatanthauza mphunzitsi wa zauzimu): Mulungu ndi mmodzi, chotchinga munthu kuti asamuone ndi kudzikonda, ndipo kudzikondako amakugonjetsera pakhomo, kuntchito ndi pa chakudya chodyera limodzi ndi anthu a mtundu uliwonse.

Punjab ndi dziko la chonde la mitsinje isanu, Jhelum, Chenab, Ravi, Beas ndi Sutlej. Lili pa njira imene ankhondo ndi amalonda ochokera ku Afghanistan ankalowera ku India. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1400 linkalamulidwa ndi mafumu achisilamu a banja la Lodi okhala ku Delhi, pamene anthu wamba ambiri anali Ahindu. Ahinduwo anali ogawikana m'magulu a chibadwa: wobadwira m'banja la ansembe anali wansembe, wobadwira m'banja la ofufuta zikopa anali wodetsedwa moyo wake wonse, sakanadya ndi a gulu lapamwamba kapena kutunga madzi pa chitsime chawo. Pa nthawi yomweyo kunali alakatuli oyendayenda, ena Ahindu ena Asilamu a gulu la Sufi, amene ankaimba kuti Mulungu amapezeka mumtima. Nanak anakulira pakati pa mawu onsewa.

Anabadwa mu 1469 m'mudzi wa Talwandi, kumadzulo kwa Lahore, umene lero ukutchedwa Nankana Sahib ndipo uli ku Pakistan. Akatswiri ambiri a mbiri amati linali tsiku la 15 April, koma Asikhi amakondwerera kubadwa kwake mwezi ukakhala wathunthu cha mu November. Bambo ake, Mehta Kalu, anali mlembi wa misonkho ya minda m'mudzimo, Mhindu wa gulu la amalonda, ndipo mayi ake anali Tripta. Mlongo wake wamkulu, Nanaki, atakwatiwa ku Sultanpur anamukokera komweko, nakalowa ntchito yoyang'anira nkhokwe ya chakudya ya bwanamkubwa Daulat Khan Lodi. Anakwatira Sulakhani ndipo anabereka ana aamuna awiri, Sri Chand ndi Lakhmi Das.

Pano pafunika kuchenjera. Zambiri za moyo wa Nanak timazidziwa kudzera m'mabuku otchedwa janamsakhi, amene analembedwa patapita zaka makumi angapo iye atamwalira, ndipo amasakaniza mbiri ndi zozizwitsa. Chimene chili chake chenicheni ndi nyimbo zake, pafupifupi 974, zosungidwa m'buku lopatulika la Asikhi, Guru Granth Sahib. Nkhani za mu janamsakhi ndi bwino kuzimva ngati ziphunzitso zovala nkhani. Ina imati bambo ake anamupatsa marupi 20 kuti akachite malonda opindulitsa, iye nakagulira chakudya anthu oyera amene anali ndi njala, n'kunena kuti malonda oona ndi amenewo. Ina imati atafika msinkhu wovekedwa ulusi wopatulika wa Ahindu a magulu apamwamba anaukana. Pa nkhani imeneyi tili ndi mawu ake enieni m'buku lopatulika, pamene akuuza wansembe kuti ngati ali ndi ulusi umene thonje lake ndi chifundo, wopotedwa ndi choonadi, womangidwa mfundo ya kudziletsa, amuveke umenewo, chifukwa suduka, suda ndipo supsa.

Kusintha kwakukulu kunadza ali ndi zaka pafupifupi 30. Anapita kukasamba m'mawa mumtsinje wa Bein ku Sultanpur, osabwerera, ndipo anthu anangoti wamira. Patapita masiku atatu anatulukira, ndipo mawu oyamba amene ananena anali oti palibe Mhindu, palibe Msilamu. Sankanyoza zipembedzo ziwirizo. Ankanena kuti pamaso pa Mulungu dzina la chipembedzo silitengera munthu kulikonse. Chofunika ndi mmene wakhalira. Anasiya ntchito nayamba maulendo amene anatenga zaka ngati makumi awiri, limodzi ndi mnzake Mardana, Msilamu woimba choimbira cha zingwe chotchedwa rabab. Mwambo umati anafika ku Sri Lanka, kumapiri a Himalaya, ku Mecca ndi ku Baghdad. Kaphunzitsidwe kake kanali kochititsa anthu kudzifunsa okha. Ku Haridwar anapeza anthu akuwaza madzi a mtsinje wa Ganges kuloza kum'mawa kuti akafike kwa makolo awo akufa. Iye anatembenukira kumadzulo nayamba kuwaza, ndipo atamufunsa anati akuthirira munda wake ku Punjab. Iwo atamuseka kuti madziwo sangafike kutali chotero, anawafunsa kuti nanga awowo akafika bwanji ku dziko la akufa.

Anaonanso ndi maso nkhanza za nkhondo pamene Babur, amene anadzayambitsa ufumu wa Mughal mu 1526, ankalanda mizinda ya ku Punjab. Nyimbo zake za nthawiyo zimalira akazi ogwiriridwa, Ahindu ndi Asilamu omwe, ndipo zimafika pofunsa Mulungu ngati sanamve chisoni anthu akulira chotero. Chipembedzochi chinayamba chili ndi diso pa zochita za olamulira, ndipo zimenezi zikuthandiza kumvetsa zimene zinadzachitika pambuyo pake.

Cha m'ma 1520 anavula zovala za ulendo nakhazikika ku Kartarpur, m'mphepete mwa mtsinje wa Ravi, n'kuyamba kulima. Apa m'pamene chiphunzitso chinasanduka mudzi. Anthu ankadzuka mbandakucha, kusamba, kuimba nyimbo za Mulungu, kupita kumunda, madzulo n'kusonkhananso, ndipo onse ankadyera pa khitchini imodzi. Anamwalira komweko mu 1539.

Zimene anaphunzitsa

Buku lopatulika limayamba ndi mawu ochepa otchedwa Mul Mantar, amene mwana wa Msikhi amaloweza asanadziwe kuwerenga. Amati Mulungu ndi mmodzi, dzina lake ndi Choonadi, ndiye Mlengi, alibe mantha, alibe chidani, sakhudzidwa ndi nthawi, sabadwa, alipo mwa iye yekha, ndipo amadziwika mwa chisomo cha Guru. Mawu oti sabadwa ndi olemera. Amatseka khomo la chikhulupiriro choti Mulungu amabwera m'thupi la munthu, n'chifukwa chake Asikhi sapembedza mafano ndipo samuyesa Nanak mulungu. Dzina limene amatchula kawirikawiri ndi Waheguru, komabe m'bukumo Mulungu yemweyo amatchedwanso Hari, Ram, Allah ndi Khuda.

Ngati Mulungu ali paliponse ndiponso mwa aliyense, chimalepheretsa munthu kumuona n'chiyani? Yankho la Nanak ndi haumai, mtima wa "ine, ine" umene umamupangitsa munthu kudziona ngati wodziimira payekha. Mu mtima umenewu mumatuluka mbava zisanu: chilakolako, mkwiyo, umbombo, kukakamira zinthu ndi anthu, ndi kunyada. Zimaba nzeru za munthu, iye n'kumangozungulira m'kubadwa ndi kufa mobwerezabwereza, pakuti Asikhi amakhulupirira kuti mzimu umabadwanso malinga ndi ntchito zake. Nanak anaona kuti kupembedza kumene kumatha kunenepetsa mtima umenewu. Wosala kudya amanyadira kusala kwake, wopita ku malo oyera amabwerako akudziwerengera, wopereka mphatso amafuna kutamandidwa. N'chifukwa chake m'pemphero lake lalikulu, Japji, la ndime 38, akufunsa kuti khoma la bodza lingagwe bwanji, nayankha kuti ndi kuyenda mwa hukam, ndiko kuti mogwirizana ndi chifuniro cha Mulungu chimene chimayendetsa zonse. Ntchito zabwino zimakonza njira, koma kumasuka kwenikweni ndi chisomo.

M'moyo wa tsiku ndi tsiku zimenezi zinafupikitsidwa m'zinthu zitatu: kukumbukira dzina la Mulungu, kudya thukuta lako mwa ntchito yachilungamo, ndi kugawana ndi ena zimene wapeza. Chachiwiricho n'chimene chinamusiyanitsa kwambiri ndi anthu oyera a nthawi yake, amene ankasiya mabanja kukakhala m'mapanga. Iye ankawafunsa kuti ngati dziko alithawa, bwanji amabwerera kudzapempha chakudya kwa omwewo amene akulima. Kwa Msikhi, kukwatira, kulera ana ndi kugwira ntchito ndiyo njira yeniyeni ya chipulumutso. Pa kugawana, mwambo ndi kupatula chakhumi cha zopeza, komanso kutumikira ndi manja, kumene amati seva: kusesa, kutsuka mbale, kupukuta nsapato za anthu obwera kudzapemphera. Ntchito zimenezi zinali za anthu a magulu onyozeka, ndiye wolemera akagwada kupukuta nsapato za mlendo amakhala akumwa mankhwala a matenda ake a "ine, ine". Mawu a Nanak amene amatchulidwa kwambiri amati choonadi chiposa zonse, koma choposanso ndi kukhala moyo woona.

Za akazi analankhula mosabisa. Anafunsa kuti tinganene bwanji kuti ndi woipa iye amene amabala mafumu, pamene munthu aliyense amabadwa mwa mkazi. Guru wachitatu, Amar Das, anadzaletsa mwambo woti mkazi wamasiye azitenthedwa pamodzi ndi mtembo wa mwamuna wake, ndiponso woti akazi aziphimba nkhope.

Ma Guru khumi ndi buku limodzi

Nanak anadumpha ana ake nasankha wophunzira wake Lehna, namutcha Angad. Asikhi amati kuwala kunali kumodzi kongosamuka m'matupi khumi, ndipo n'chifukwa chake ma Guru otsatira ankasaina nyimbo zawo ndi dzina loti Nanak. Angad anakonza malemba a Gurmukhi amene amalembera Chipunjabi mpaka lero. Amar Das analimbitsa khitchini ya onse, langar, naika lamulo loti wofuna kumuona ayambe wakhala pansi pamzere n'kudya ndi aliyense amene wapezeka pambali pake. Mwambo umati ngakhale mfumu Akbar inatero. Ram Das anayambitsa mzinda umene lero ndi Amritsar. Mwana wake Arjan anamanga Harmandir Sahib pakati pa dziwe, nyumba ya makomo anayi oloza mbali zonse, imene munthu amachita kutsika masitepe kuti aifike.

Arjan yemweyo anasonkhanitsa nyimbo za ma Guru mu 1604, mlembi wake ali Bhai Gurdas. Chodabwitsa n'chakuti anaikamonso nyimbo za anthu amene sanali Asikhi: Kabir woomba nsalu, Ravidas wosoka nsapato, Namdev, ndi Sheikh Farid amene anali Msilamu. Lero Msikhi akagwadira bukulo amagwadiranso mawu a munthu amene ansembe a nthawi yake sakanalola kuti awakhudze.

Kukula kwa gululi kunayamba kuopsa olamulira. Mu 1606 mfumu Jahangir inalamula kuti Arjan agwidwe, ndipo anafa atazunzidwa ku Lahore. Mwana wake Hargobind anavala malupanga awiri, lina la ulamuliro wa zauzimu, lina la za dziko, namanga Akal Takht, nyumba ya mpando wa ulamuliro wa Asikhi, moyang'anana ndi Harmandir Sahib. Anatsatira Har Rai, kenako Har Krishan amene anali mwana ndipo anafa ndi nthomba ku Delhi mu 1664. Wachisanu ndi chinayi, Tegh Bahadur, anadulidwa mutu ku Delhi mu 1675 mu ulamuliro wa Aurangzeb. Asikhi amamukumbukira kuti anafera Ahindu a ku Kashmir amene ankakakamizidwa kusintha chipembedzo, ndiko kuti anafera ufulu wa anthu ovala ulusi womwe uja Nanak anaukana.

Mwana wake Gobind anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Mu 1699, pa chikondwerero cha Vaisakhi ku Anandpur, anaima ndi lupanga losolola nafunsa amene angapereke mutu wake. Anadzuka amuna asanu a magulu ndi madera osiyana, pakati pawo wometa anthu tsitsi, wotunga madzi ndi mlimi. Amenewa anakhala oyamba a Khalsa, gulu la olumbira. Atawalumbiritsa, Guruyo anagwada kuti nawonso amulumbiritse. Amuna analandira dzina loti Singh, ndipo akazi amatenga loti Kaur, kuti dzina la banja loulula gulu la chibadwa lisamamveke.

Mwambo wolumbirawu umachitika chimodzimodzi mpaka lero. Asikhi asanu olumbira kale amathira madzi m'mbale yachitsulo, n'kuikamo timibulu ta shuga, n'kumatakasa ndi lupanga lakuthwa konsekonse uku akunena mapemphero asanu. Wolumbirayo amamwa madziwo m'manja kasanu, amamuwaza m'maso kasanu ndi m'tsitsi kasanu, ndipo otsalawo onse amamwera mbale imodzi. Kuyambira pamenepo amasunga zizindikiro zisanu: tsitsi losameta, chipeso chamtengo, chibangili chachitsulo, kabudula wamkati wa kasokedwe kake, ndi kalupanga kotchedwa kirpan. Nduwira imaphimba ndi kusunga tsitsilo. Zinthu zinayi zimaswa lumbiro: kumeta, kugona ndi amene si mwamuna kapena mkazi wako, kugwiritsa ntchito fodya, ndi kudya nyama yophedwa mwa mwambo wachisilamu. Wolakwa amaonekera pamaso pa asanu aja, amapatsidwa chilango cha utumiki monga kutsuka mbale, n'kulumbiranso. Mowa ndi zoledzeretsa zonse n'zoletsedwa. Si Msikhi aliyense amene analumbira, ndipo ambiri amameta koma amapemphera mokhulupirika.

Gobind Singh anataya ana ake onse anayi: awiri anafera pa nkhondo ndi a Mughal, awiri anaphedwa atagwidwa. Asanamwalire ku Nanded mu 1708 ananena kuti sipadzakhalanso Guru wa thupi, ndipo udindowo anaupereka kwa buku, limene anali atawonjezamo nyimbo za bambo ake. Ndilo Guru Granth Sahib, la masamba 1,430 m'kope lililonse losindikizidwa, ndipo mbali yake yaikulu inasanjidwa potsata maimbidwe 31 otchedwa raga, chifukwa mawu ake ndi oti aziimbidwa.

M'nyumba yopemphereramo

Nyumbayo imatchedwa gurdwara, ndipo imadziwika ndi mbendera ya makona atatu pa mlongoti wautali. Aliyense amaloledwa. Polowa umavula nsapato, umasamba m'manja, umaphimba mutu, ndipo fodya sulowa naye. Bukulo limakhala pa mpando wokwera pansi pa denga la nsalu, wolisamalira akuliuluzira ndi litchowa. Anthu amaligwadira, n'kukhala pansi onse, osalozetsa mapazi kumene lili. M'mawa amalitsegula mwaulemu pamalo alionse, ndipo nyimbo yoyamba ya tsamba lakumanzere imakhala lamulo la tsikulo. Usiku amalikulunga n'kukaliika m'chipinda chake. Mwana akabadwa, chilembo choyamba cha nyimbo yotsegulidwa chotero ndicho chimayamba dzina lake. Pa ukwati, akwati amazungulira bukulo kanayi uku akuimba ndime zinayi za Guru Ram Das. Pa zochitika zazikulu amaliwerenga lonse osalekeza, owerenga akusinthana, ndipo zimatenga maola pafupifupi 48. Ansembe odzozedwa kulibe. Mwamuna kapena mkazi aliyense wodziwa kuwerenga bwino angathe kutsogolera. Pemphero lotsekera limatha ndi kupempha ubwino wa anthu onse.

Mapemphero akatha aliyense amalandira m'manja awiri kachakudya kotsekemera kotchedwa karah prasad. Malamulo amati ufa wa tirigu, shuga ndi mafuta a batala woyengeka zikhale za muyezo wofanana. Ophika amasungunula shuga m'madzi otentha, ochuluka kawiri kapena katatu kuposa ufawo, n'kukazinga ufa m'mafuta pa moto wochepa mpaka utafiira ndi kununkhira, kenako n'kuthiramo madzi aja uku akutakasa mwamphamvu mpaka phalalo litayamba kusiyana ndi poto. Ufa ukachotsedwa msanga umamveka uwisi, ukapsa umawawa, ndipo madzi ozizira amachititsa mibulu. Wophika amaphimba mutu ndipo amanena mapemphero nthawi yonseyo. Asanagawe amakhudzitsa kirpan, amapatula magawo asanu okumbukira oyamba a Khalsa, ndipo otsalawo amagawa mofanana. Kenako anthu amapita ku langar, kumene amadya chapati, mphodza, mpunga ndi ndiwo zamasamba. Nyama siphikidwa kumeneko kuti munthu wa chipembedzo chilichonse adye mosakayika. Ku Harmandir Sahib amadyetsa anthu masauzande ambirimbiri tsiku lililonse, ulere, ndipo ntchito yambiri imagwiridwa ndi odzipereka.

Pamene zinthu zimakhota

Chiphunzitso chokana kudzikonda nachonso chimasungidwa ndi anthu, ndipo mbiri ya Asikhi sibisa zimenezi. Ma Guru anali ndi nthumwi zosonkhanitsa zopereka m'madera. Zitayamba kudya ndalamazo ndi kudzikweza, Gobind Singh anathetsa udindowo. Patapita zaka 200 vuto lomwelo linabwerera. Ma gurdwara akuluakulu, amene anali atalemera ndi minda kuyambira nthawi ya mfumu ya Chisikhi Ranjit Singh, anali m'manja mwa oyang'anira amene ankawayesa chuma cha banja. Mu February 1921 woyang'anira wa ku Nankana Sahib anaphetsa Asikhi ambiri amene anabwera mwamtendere kudzafuna kusintha. Kulimbana kumeneko kunabala lamulo la 1925 limene linapereka malowo kwa komiti yosankhidwa, SGPC, ndipo komitiyo ndi imene inadzavomereza buku la malamulo a khalidwe, Sikh Rehat Maryada, mu 1945.

Magulu a chibadwa sanathe. Mu langar anthu amadyera limodzi, koma pofuna mkwatibwi mabanja ambiri amafunsabe gulu, ndipo m'midzi ina ya ku Punjab ngakhale m'mizinda ya ku Britain muli ma gurdwara osiyana a magulu osiyana. Chifukwa chake chachikulu ndi minda ndi cholowa, zimene zimayenda m'mabanja. Kukonda mwana wamwamuna kunachititsa kuti Punjab ikhale m'gulu la zigawo za India zimene ana aakazi ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi aamuna, ngakhale malamulo a Khalsa amaletsa kuyanjana ndi wopha mwana wamkazi. Odzudzula zimenezi mwamphamvu ndi Asikhi eni ake, ndipo chida chawo ndi mawu a Nanak omwewo.

Britain itagonjetsa ufumu wa Asikhi mu 1849, inayamba kuwalemba usilikali ndi kuwatumiza m'maiko ena. Umu ndi mmene anafikira kuno. Mu 1891 Harry Johnston anabweretsa asilikali ochokera ku India, ambiri mwa iwo Asikhi, motsogozedwa ndi Cecil Maguire, ndipo anamenya nawo nkhondo zolimbana ndi mafumu ogulitsa akapolo monga Makanjira, nkhondo zomwezo zimene zinakhazikitsa ulamuliro wa atsamunda ku Nyasaland. Enanso anafika ku Kenya ndi Uganda pa ntchito yomanga njanji.

Bala lalikulu linadza mu 1947, pamene malire a India ndi Pakistan anadula Punjab pakati. Anthu mamiliyoni anasamuka, mazanamazana a masauzande anaphedwa, ndipo Nankana Sahib ndi Kartarpur zinatsalira ku Pakistan. Lina linadza mu June 1984 pamene asilikali a India analowa ndi zida m'bwalo la Harmandir Sahib kukachotsa gulu la onyamula mfuti, Akal Takht n'kuwonongeka. Mu October chaka chomwecho nduna yaikulu Indira Gandhi anaphedwa ndi alonda ake awiri a Chisikhi, ndipo Asikhi masauzande anaphedwa ku Delhi ndi m'mizinda ina pobwezera. Mu November 2019, pokumbukira zaka 550 za kubadwa kwa Nanak, maiko awiriwo anatsegula msewu wa makilomita ochepa wolola amwendamnjira ochokera ku India kukafika ku Kartarpur popanda viza, ngakhale kutsegulidwa kwake kumadalira mmene ubale wa maiko awiriwo ulili pa nthawiyo.